Galimoto yanga siimwa wamba

Mnyamata wina wa ku Namadzi anabwera kuchokera ku Joni ndi Golf yotsitsa mpaka mimba kukhula pansi. Ekizozi yake ndi yoti iye akadali pa Njuli, agalu a ku Mbulumbuzi ayamba kale kuuwa. Atafika pomwetsera mafuta anatsitsa galasi pang'ono.

"Achimwene, thirani 95, osati 93. Iyi siimwa wamba."

"Bwana, petulo ndi mmodzi yemweyu," anatero wothira mafuta. "Koma mukafuna, ndizithira ndikuwerenga mpaka 95."

Ku South Africa petulo amasankhadi, wa 93 kapena wa 95. Kuno pampu ndi imodzi, mtengo ndi womwe yanena MERA, ndipo Benz ya bwana ndi njinga yamoto ya kabaza zimamwera pamodzi. Petulo wathu amasakanizanso ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ntchito yomwe inayamba mu 1982. Ethanol amakweza nambala ija imene mnyamatayu amalirira. Madala ena atamva izi anangopukusa mutu: "Kani galimoto zonsezi zimayendera kachasu? Nanga apolisi amangogwira ine bwanji?"

Mkulu wina wa ku Nguludi anaitanitsa Altezza ku Japan, ya Be Forward, n'kukaitenga ku Dar es Salaam. Atatsegula kachitseko ka thanki anapeza kapepala komata, kolembedwa m'Chijapani. Anafunsa aphunzitsi, anafunsa asisteri, palibe anawerenga. Mdzukulu wake ndiye anajambula pa foni n'kumasulira: galimotoyi imafuna petulo wa nambala yokwera. Ku Japan petulo aliko wa mitundu iwiri. Sienta ndi Vitz zambiri zimakhuta ndi wamba, koma Altezza ndi Subaru ya turbo zinaleredwa mwanthumbidwa. Mkuluyo anaganiza kwa kanthawi, anatenga mpeni, n'kumatula kapepalako.

"Tsopano izidya zomwe tikudya tonse pakhomo pano."

Makaniko wa pansi pa mtengo pa Yasini amati funso la mafuta silifunsidwa kwa ekizozi. Paipi yaikulu, marimu onyezimira, phiko kumbuyo ndi zomata za Manchester United sizisintha kanthu m'mimba mwa injini. Chimene chimasintha ndi turbo yoikamo pambuyo pake, mutu wa injini wopala, kapena kompyuta ya galimoto yomwe wina anaigwiragwira kuti iwonjezere liwiro. Zikatero injini imafinya mafuta kwambiri, ndipo petulo wa nambala yotsika amaphulika nthawi yake isanakwane. Buku la galimoto apa silithandizanso, chifukwa limanena za injini yomwe inatuluka kufakitale, osati yomwe muli nayoyo. Woyenera kufunsidwa ndi mwini wake wakale, koma iyeyo ali ku Osaka ndipo foni yanu sayankha.

Ndiye makanikoyo amayesa ndi khutu. Amakwera chitunda masana dzuwa likuswa mtengo, giya yapamwamba, n'kuponda moto. Injini ikamveka ngati timiyala m'chitini, ndiye kuti ikugogoda, ndipo mapisitoni ali pa mavuto. Galimoto zamakono zili ndi kachipangizo komva kugogodako, kenaka kompyuta imachedwetsa moto, mphamvu n'kuchepa. Ngati kompyutayo inasinthidwa, kuibwezera mwakale kumatchipa kuposa kugula injini ina ku Limbe.

Kasitomala wina anabwerako patapita sabata, nkhope ili mwee.

"Amisiri, phokoso lija latha!"

"Mwatani?"

"Ndaika masipika atsopano."

Mafuta atasowa, mizere itafika mpaka kumsewu, mnyamata wa Golf uja anapezeka kuseri kwa golosale, komwe anyamata amagulitsa petulo wa m'zigubu. Kunyada kunali kusanamuthere.

"95 muli nayo?"

Wogulitsa sanaphethire n'komwe. "Ilipo bwana wanga. Chigubu chachikasuchi ndi 93, chobiriwirachi ndi 95. Kungoti 95 mtengo wake ndi wina."

Zigubu zonse ziwiri anali atadzaza m'mawa womwewo kuchokera mu mgolo umodzi. Mnyamatayo analipira chobiriwira, ndipo mpaka lero amalumbira kuti tsiku limenelo Golf inafika pa Namadzi isanazindikire kuti yachoka pa Njuli.