Ulemu Ukhale kwa Masekondi Khumi

Anthu a ku America anatulukira ndege, anatulukiranso intaneti, koma luso lawo lenileni lili pa malonda awa: munthu amatulutsa madola mazana angapo, n'kufola pamzere theka la tsiku, kuti akaime masekondi khumi pambali pa munthu amene sakumudziwa komanso amene sadzamukumbukira. Akatuluka kuseri kwa katani amakhala akunjenjemera ndi chimwemwe, ena misozi ili mbwembwembwe. Wogula sanenerera, katundu saola, ndipo madzulo wogulitsa amabwerera naye kunyumba katundu yense, poti katunduyo ndi nkhope yake. Malonda otere ayenera kuvuliridwa chipewa.

Amachitikira pa misonkhano ya anthu okonda mafilimu ndi mabuku a nthano za zithunzi, ija imatchedwa Comic-Con. Gogo wake wa yonse ndi wa ku San Diego, umene unayamba mu 1970 ndi anthu pafupifupi 300 mu hotelo ya U.S. Grant, ndipo masiku ano umakoka anthu oposa 130,000. Zidzukulu zake zafalikira ku New York, London, Toronto, ndipo mu 2018 Comic Con Africa inatsegulidwa ku Kyalami, kufupi ndi Johannesburg. Apa m'pamene vuto linalowera m'mabanja athu. Gulu lililonse la achibale pa WhatsApp tsopano lili ndi msuweni wa ku Joni kapena ku Manchester amene anajambulitsa ndi katswiri wina wa m'filimu, ndipo chithunzicho amachiponya m'mawa uliwonse ngati vesi la tsiku, pansi pake atalemba kuti "ine ndi m'bale wanga". Wolemba nkhani ino amadandaula nazo mokweza, koma chithunzicho sachifufuta. Amachikulitsa ndi zala ziwiri kuti aone bwino maso a "m'bale" uja, maso a munthu amene wamwetulira kale kamazanamazana chiyambire m'mawa ndipo akuganiza za nkhomaliro.

Mwambo wake ndi wolongosoka, ngakhale a mpingo angaphunzirepo. Pali tikiti yolowera pachipata. Chithunzi chili ndi tikiti yakeyake, siginecha nayo yakeyake, ndipo kwa akatswiri ena ukafuna kuti awonjezere mawu otchuka a m'filimu pansi pa dzina lawo, uyenera kupisanso m'thumba. Ukafika pakatani, chikwama umasiya patebulo, foni umabisa. Mkati muli magetsi owala, wojambula, ndi katswiri ataima pamalo amodzi ngati anachita kum'dzala. Umapereka moni, kamera imaphethira, ndipo usanamalize kunena kuti filimu yake inasintha moyo wako, dzanja laulemu la wothandizira limakhala lakugwira kale pachigongono kukulozera khomo lotulukira. Wothandizira ameneyu ndi mphunzitsi wamkulu amene dziko silinam'thokoze. Anthu amene alephera kufupikitsa mawu pamaliro ndi paukwati, iye amawachiritsa tsiku limodzi.

Mitengo nayo siibisika. Mu 2013 ku New York Comic Con, Sylvester Stallone ankalipiritsa madola 395 pa siginecha ndi madola 445 pa chithunzi. Ameneyu ndi Rambo yemwe uja ana a m'matauni mwathu anam'dziwira m'mavidiyo a mpanda wa zisakasa, akulipira makobidi pakhomo kapena kusuzumira pamng'alu. Ndiye kuti amene anaonera Rambo maola awiri akugwetsa asilikali ambirimbiri analipira zochepa zedi poyerekeza ndi amene anam'ona atangoima osachita kanthu. Mu 2016 nyuzipepala ya The Hollywood Reporter inalemba kuti akatswiri akuluakulu angathe kupha madola mazana a zikwi pa Loweruka ndi Lamlungu limodzi, ndi kuti ena ankachoka pamisonkhanoyi ndi ndalama zamapepala m'majumbo a zinyalala. Anthu anjiru amati uku n'kudyera masuku pamutu owakonda. Anjiruwo aiwala kuti dzanja limatopa. Kulemba dzina lako lomwe tsiku lonse si ntchito yamasewera, afunseni aphunzitsi aakulu nthawi yotsekera sukulu.

Kale akatswiri sankachidziwa chuma chimenechi, n'chifukwa chake ankachita mwano. Alec Guinness, amene anali Obi-Wan Kenobi mu Star Wars, anafotokoza yekha kuti mnyamata wina atamuuza monyadira kuti waonera filimuyo koposa ka 100, iye anam'pempha kuti alonjeze kusadzaionanso. Mwanayo analira, mayi ake n'kupsa mtima. Leonard Nimoy, amene anali Spock mu Star Trek, anatulutsa buku mu 1975 lokhala ndi mutu wokana kuti iye si Spock, koma patapita zaka 20 anatulutsa lina lovomera kuti ndi Spock ndithu. Woposa onse anali William Shatner, amene anali Captain Kirk mu Star Trek yomweyo. Mu Disembala 1986, pa pulogalamu yanthabwala ya Saturday Night Live, anachita sewero limene anaima pa msonkhano wa okonda Star Trek n'kuwalalatira kuti akule, achoke m'nyumba za makolo awo, akapeze chochita ndi moyo wawo. M'seweromo, wokonza msonkhano atam'kumbutsa za kontilakiti, Shatner anabwerera pamaikolofoni n'kunena kuti amene amalankhula uja sanali iye, anali Captain Kirk woipa. Chikondi cha nkhwangwa, akulu anati, chimakoma pokwera. Koma nkhwangwa iyi mwini wake anatsika n'kukaitolanso: Shatner, wobadwa mu 1931, wapitirizabe kukhala patebulo la siginecha atapitirira zaka 90.

Komabe chimene chimaonetsa ukulu wa masekondi khumi si mtengo. Ndi zimene zimachitika katswiri akadzipereka ulere.

Mu 2013 ku San Diego, Bryan Cranston, amene panthawiyo dziko lonse linkam'dziwa ngati Walter White wa mu Breaking Bad, anafuna kuyenda pakati pa anthu popanda kupanikizidwa. Anavala chigoba cha labala. Chigobacho chinali cha nkhope ya Walter White, kutanthauza nkhope yake yomwe. Munthu anabisala kuseri kwa nkhope yake ndipo anabisaladi. Anayenda pakati pa khamu akulankhula ndi mawu opyapyala kuti asadziwike, ena n'kumajambulitsa naye ngati mnzawo wamba amene wagula chigoba chabwino, mpaka anafika papulatifomu n'kuchivula, holo yonse n'kuphulika ndi mfuu. Ndi anthu omwewo, ndi munthu yemweyo, ndi nkhope yomweyo, mphuno ndi ndevu zomwe. Mphindi zingapo m'mbuyomo akanatha kum'ponda chala n'kungoti pepani. Chaka chotsatira Daniel Radcliffe wa Harry Potter anayenda m'holo momwemo atavala ngati Spider-Man, ndipo mu 2017 Lupita Nyong'o anavinavina pakati pa anthu atavala zapinki za Power Rangers popanda womukuwira.

Nkhani zimenezi anthu amazisimba posonyeza kuti akatswiri ndi odzichepetsa. Wolemba nkhani ino amaonamo zina. Katswiri wopanda mzere, wopanda katani, wopanda mtengo, ndi munthu chabe wotuluka thukuta m'chigoba. Chimene msuweni uja anagula ndi mzere umene unam'tupitsa mapazi, ndi mlonda amene anam'letsa kuyandikira nthawi isanakwane, ndi ndalama imene inam'pweteka potuluka. Nkhope ija ndi risiti chabe. Choncho katswiri amene amadikiritsa anthu maola atatu, n'kufika mochedwa, n'kusaina osadzutsa mutu, asanyozedwe. Akuteteza mtengo wa katundu amene anthuwo agula. Atati awalandire msanga ndi kucheza nawo mpaka okha atatopa, akanawabera.

Ndipo mzerewo anthu amaulemekeza ndi mtima wonse. Hall H, holo yaikulu ya ku San Diego, imalowa anthu pafupifupi 6,500, ndipo ofuna mpando amagona panja usiku, ena masiku angapo, kuti akaone akatswiri ali kutali ngati nyerere n'kumawaonera bwino pa sikirini, momwe akanawaonera ali kunyumba. Mu 2010 munthu wina anabayidwa ndi cholembera pafupi ndi diso m'holo imeneyi pokanganirana mpando.

Palinso nkhani ya dzanja, imene payokha ingadzaze buku. Kodi katswiri aike kuti dzanja lake pojambulitsa ndi mlendo? Mu 2019 anthu pa intaneti anazindikira kuti Keanu Reeves akamajambulitsa ndi amayi, dzanja lake limangolendewera m'malere kumbuyo kwawo, osakhudza, ndipo anam'tamanda kwambiri chifukwa cha ulemuwo. Misonkhano itayambiranso m'nthawi ya Covid-19, m'malo ena anaika galasi lapulasitiki pakati pa katswiri ndi womukonda, ndipo anthu analipirabe kuti ajambulitse ndi munthu amene ali mbali inayo ya zenera. Amene akuti uku n'kunyanya akumbukire za Norman Reedus wa mu The Walking Dead. Mu Disembala 2015, pa msonkhano wina ku New Jersey, mayi wina anafika pa masekondi ake khumi n'kumuluma pachifuwa. Reedus sanakasume. Mayiyo analetsedwa kudzapitanso ku misonkhano ya okonzawo, ndipo n'zomveka, pakuti kulawa sikunali pa mndandanda wa mitengo.

Pena pake, komabe, nthabwala imathera pakhosi. Pamzere womwewo pamene paima mwana amene wasunga ndalama chaka chonse, pamaimanso amalonda onyamula mulu wa zithunzi ndi zidole kuti zikasainidwe n'kukagulitsidwa pa eBay madzulo omwewo. Ena sadzivutitsa n'komwe ndi mzere, amangosaina okha. Zinafika poti Mark Hamill, Luke Skywalker mwini wake, ankathera nthawi pa Twitter akuuza anthu ngati siginecha imene agula ndi yake kapena yabodza, ndipo anathandizira lamulo la ku California la mu 2016 lokakamiza ogulitsa kupereka chikalata chotsimikizira. Choipitsitsa chinaoneka mu 2018, pamene kanema wa pa msonkhano wina ku California anaonetsa Stan Lee, mlengi wa anthu ambiri a mu Marvel, ali ndi zaka 95, wotopa, akusaina uku wina akumutchulira zilembo za dzina lake. Mzere unali ukuyendabe. Aliyense pamzerepo akanalumbira kuti amamukonda nkhalambayo, koma zikuoneka kuti chikondicho sichinafike poti anthu n'kunena kuti mkuluyu akapume, ndalama zathu zipite. Anamwalira mu Novembala chaka chomwecho. Apa wolemba nkhani ino alibe chitamando choti apereke, kwa ogulitsa ngakhale kwa ogula.

Ndiyeno pali akatswiri ena amene anafuna kuononga msika, ndipo ayenera kudzudzulidwa poyera. Carrie Fisher, Princess Leia, ankawaza tinthu tonyezimira pankhope za anthu obwera patebulo lake, moti munthu ankapita kwawo akung'anima popanda kuwonjezera ndalama. James Doohan, Scotty wa mu Star Trek, ndiye anachita zoopsa. Monga anafotokozera mu filimu ya Trekkies ya mu 1997, analandira kalata ya mayi wina amene ankafuna kudzipha. Iye anam'imbira foni n'kumuuza kuti akufuna kukamuona pa msonkhano wa ku Indianapolis. Mayiyo anabwera. Doohan anam'uza kuti abwerenso pa wotsatira, ndi wotsatiranso, kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Kenako kunangoti zii kwa zaka zisanu ndi zitatu, mpaka kunabwera kalata yonena kuti mayiyo wamaliza digiri yachiwiri ya uinjiniya. Tangoganizani masekondi amene anaonongeka pamenepo, onse osalipiridwa. Akatswiri onse akanatengera khalidwe limeneli, majumbo aja akanabwerera ku ntchito yawo ya zinyalala.

Amene akuseka anthu ofola ku San Diego ayambe akumbukira mizere ya kuno kwathu. Alipo mabwana m'maofesi ena amene nawonso amagulitsa siginecha, amakhala kuseri kwa chitseko, ali ndi wothandizira wodziwa kubweza anthu, ndipo nawonso sadzutsa mutu. Kusiyana kwake n'kwakuti katswiri wa filimu mtengo wake amaumata pakhoma, nthawi yake imalembedwa pa tikiti, ndipo ukafika umam'pezadi, osati jekete lake lokha litakoleka pampando. Palibe amene anamvapo Rambo akunena kuti mubwere mawa, cholembera chapita kumsonkhano ku nyanja. Mabwana amenewa atumizidwe ku Comic-Con, ndi alawansi yawo yomwe, akaone mmene munthu mmodzi amasainira mapepala mazanamazana dzuwa lisanalowe.

Ndipo kwa owerenga amene mtima wawo wayamba kale kulakalaka, malangizo ndi ochepa: valani nsapato zofewa, nyamulani madzi, mawu amene mwakonza mudule atsale atatu, ndipo kamera ikamawala musaphethire, chifukwa wa kumbuyo kwanu naye walipira.