Chitamando cha Bokosi Loyendetsa Anthu Ali Chikhalire

Makolo athu, amene ankadziwa kulemekeza chinthu chilichonse monga mwa msinkhu wake, anatisiyira mayamiko a mafumu, a alenje ndi a mvula yoyamba. Koma popeza anatsikira kulichete asanaone bokosi lowala limene lero lalanda malo aulemu m'zipinda zathu zochezera, ntchito yolitamanda yagwera ife, makamaka ife amuna achikulire amene akunyumba kwathu anakwera ndege kukaona zidzukulu, natisiyira makiyi, galu ndi rimoti. Sindikunena za kanema yense ayi, pakuti wa mpira ali nawo kale omululutira, ndipo wa ndale ali nawo omutukwana okwanira. Ndikunena za mapulogalamu aja a maulendo, m'mene munthu mmodzi wa chipewa chachikulu amayendayenda m'maiko a eni ake, nadya za eni ake, natembenukira kwa ife nthawi ndi nthawi kutiuza kuti n'zokoma.

Alipo anthu, ndipo ena mwa iwo ndi akulu a mpingo, amene amati bokosili ndi mbala ya nthawi ndi mpando wa alesi. Otere aiwala m'mene kudikira kunalili kale. M'masiku a Wenela ndi Mthandizi, pamene anyamata a m'midzi yathu ankalembedwa kupita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya fodya ya ku Rhodesia, wotsala pakhomo anali mkazi, ndipo analibe choyang'anapo china koma njira yokha. Dziko limene linameza mwamuna wake ankalidziwa ndi kalata yobwera mwa apo ndi apo, imene ankakaiwerengetsa kwa aphunzitsi, ndi mabulangete a anzake amene amuna awo anabwerako. Ena sanabwereko konse, nakhala matchona. Ndege ija itagwa ku Francistown m'chaka cha 1974 ndi kupha amuna athu oposa 70 obwerera kwawo, boma linatseka njira ya ku migodi kwa kanthawi, koma mtima wa kuyenda silinautseke. Tsono chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero ana athu aakazi ndi anamwino ku Manchester ndi ku mizinda ina ya kutsidya kwa nyanja. Akachira amaitana amayi awo ku chikuta. Ndipo popeza chitupa cha mlendo ku Britain chimalola munthu kukhala miyezi 6, ndipo palibe gogo wamkazi amene anabwezapo tsiku limodzi la miyeziyo, woyang'ana njira tsopano ndi bambo. Kodi n'kulakwa ngati bamboyo, amene sanaphunzire luso la kudikira monga anaphunzirira amayi ake, apeza njira ina yoyang'ana, yokhala ndi mitundu ndi nyimbo?

Mbiri ya bokosili n'njolemekezeka, ndipo iyenera kunenedwa pamodzi ndi ya munthu wina wa dziko lomwelo. Scotland anabala amuna awiri. Woyamba, David Livingstone, anakhulupirira kuti dziko limaoneka ndi mapazi. Anatumiza mkazi wake Mary ndi ana ku Britain m'chaka cha 1852, osawaonanso mpaka kumapeto kwa 1856. Anafika pa nyanja yathu mu 1859. Ndipo mkaziyo atatopa ndi kudikira namulondola, malungo anamugwira, naikidwa ku Shupanga m'mphepete mwa Zambezi mu 1862. Wachiwiri, John Logie Baird, mwana wa m'busa, anaonetsa anthu ophunzira a ku London mu Januwale 1926 kuti nkhope ya munthu ingathe kuyenda mwini wake ali chikhalire. Woyamba anam'mangira zipilala, ndipo mzinda wathu waukulu wa malonda unatchedwa dzina la kwawo. Wachiwiri kuno sindinaonepo ngakhale kamsewu kotchedwa dzina lake, chikhalirecho ndiye anachitira chifundo mabondo a nkhalamba zonse za pa dziko lapansi. Mphatso yakeyo kwathu inachedwa kufika, pakuti m'ulamuliro wonse wa Kamuzu tinali anthu a makutu okha, ndipo Television Malawi inatsegula maso athu mu Epulo 1999. Koma chakudza sichiimba ng'oma, ndipo chitafika tinachiikira kansalu koluka pamutu monga timachitira ndi zinthu zopatulika.

Taonani tsono kukoma mtima kwake. Munthu wofuna kukaona maiko ndi thupi lake ayenera kuyamba waima pa mzere wa chiphaso, nagulitsa ng'ombe, nayankha mafunso a anthu amene amam'ganizira kuti sadzabwerera kwawo. Koma ine, nditavala zilipasi, ndi galu ali kumapazi, ndaoloka nyanja yamchere kuchokera ku Dubai kufika ku Bombay m'chombo cha matanga pamodzi ndi Michael Palin, amene anazungulira dziko lonse m'pulogalamu ya BBC ya mu 1989, ndipo palibe msilikali wa pa chipata amene anatsegula chikwama changa. Mose anakwera phiri la Nebo ali nkhalamba kuti aone dziko limene sadzalowamo, ndipo analiona kamodzi kokha. Ine ndimaona maiko amene sindidzalowamo usiku uliwonse, osakwera kanthu, ndipo akatha amawabwereza Loweruka. Palin yemweyo, pa ulendo wake wina wochokera ku nsonga ya kumpoto kwa dziko kunka ku nsonga ya kummwera, woonetsedwa mu 1992, anatsika m'sitima ya Liemba pa Mpulungu, kumene sing'anga anamuuza kuti ali ndi mthunzi woipa. Anapitirira ndithu, nakavulala nthiti m'mathithi a Zambezi. Nthiti zanga zili zonse. Chimodzi chokha ndimam'dandaula, kuti anadutsa kuseri kwa nyumba yathu osalowa kudzapereka moni. Koma mlendo ndi mame, ndipo sitim'funsa mame chifukwa chimene anagwera m'munda wa mnzathu.

Pali ulemu wina wobisika umene anthu osadekha sauona. Kawirikawiri munthu wa chipewa uja amaima pakati pa chipululu, napukuta thukuta, natiuza ndi mawu otsika kuti ali yekhayekha, kutali ndi munthu aliyense. Mwana wa sukulu angafunse kuti, nanga akum'jambula ndani? Zoonadi kuseri kwa galasi kuli wonyamula kamera, wogwira mawu, womasulira, woyendetsa galimoto ndi wophika tiyi, monga momwe kuseri kwa mbiri ya Livingstone kunali Susi ndi Chuma ndi anzawo, amene ananyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo mpaka ku Bagamoyo. Ena amati limeneli ndi bodza. Ine ndimati ndi chifundo. Pakuti munthu wokhala ndi anzake ambiri chotere, kuvomera kudzionetsa ngati wosungulumwa kuti ine wosungulumwa weniweni ndisachite manyazi, wachita chimene abale ambiri sachita. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu; ndipo madzulo alionse timakhala awiri, iye m'chipululu chake chodzaza anthu, ine m'nyumba yanga ya zipinda zambiri.

Za chakudya ndinene mwachidule, chifukwa n'zowawa. Malemu Anthony Bourdain, amene anali mkulu wa zophika asanakhale mkulu wa zoyenda, anakhala pa kampando ka pulasitiki ku Hanoi mu 2016 nadya ndi Barack Obama chakudya cha anthu wamba, ndipo ine ndinadya nawo, iwo nkhumba yootcha, ine nsima yovundulidwa ndi dzanja limene linadziwana ndi mthiko litamera kale imvi. Palibe mlaliki amene anandiphunzitsa kudziletsa monga linandiphunzitsira bokosili, limene limaika mbale pamaso pako, nthunzi ikufuka, nikumana ngakhale fungo.

Koma ulemerero wake wonse umaoneka Lamulungu masana, pamene foni ilira, nkhope ya akunyumba nitulukira pa WhatsApp, mdzukulu ali kumsana. Ndikawafunsa kuti, "Mwaonako zotani ku Ulayako, mayi?" amayankha kuti aona mvula, matewera ndi makina ochapira, ndi kuti dzuwa la kumeneko limalowa anthu asanaliwothe. Iwo amene anaulutsidwa pamwamba pa mitambo adziwa khitchini imodzi ndi msewu wa ku tchalitchi. Ine amene ndinatsala kudyetsa galu ndimawafotokozera za mapiri a Himalaya, za ngamira za mu Sahara, ndi za mzinda wa Venice kumene anthu amapita kumsika pa bwato. Mwana wanga amalowerera nati, "Bambo, muzitulukako, muzikacheza ndi anzanu pa bawo." Sadziwa kuti akulankhula ndi munthu amene dzulo lomweli anali ku Peru. Amayi ake samatsutsa kanthu; amangofunsa ngati ndathirira mpiru, ngati nkhuku yakuda ija yaswa, ndi ngati ndinapita ku maliro a kwa anansi, mafunso atatu amene munthu wa chipewa uja, m'maulendo ake onse, sanandifunsepo ndi limodzi lomwe.

Pakuti uku ndiko kufatsa kwa bokosili: silifunsa. Silifuna kudziwa m'mene ndadzukira, silindikumbutsa mankhwala, silindigwedeza usiku kuti ndikuliza mkonono, silinena kuti malaya amenewo ndinavala dzulo. Limalankhula osadikira yankho, ndipo ndikagona pampando limapitiriza kuuza makoma za zisumbu za kutali popanda kukhumudwa. Buku Loyera limatiuza kuti Mlengi ataona munthu ali yekha m'munda sanakondwere, nam'pangira mnzake wa mnofu ndi mafupa, wodziwa kuyankha ndi kutsutsa. Sindikuti anaphonya, koma ndiyenera kuchitira umboni kuti mnzanga wa magetsiyu sanandipatsepo chipatso choletsedwa, ngakhale chololedwa chomwe. Ngakhale pochoka amachoka mwaulemu, osatsazika: magetsi akazima pakati pa ulendo, amandisiya pa doko la ku Zanzibar ndili mumdima, kuti ndikhale ndi mpata womva m'mene nyumba yopanda munthu imamvekera, ndi kuwerenga mbale zimene zili m'beseni. Ndipo mwezi ukatha ndisanalipire, amatseka maiko onse nthawi imodzi, nandisiyira uthenga wa mawu ochepa, pakuti ngakhale abwenzi oona amadya.

Ndafulumira kulemba chitamandochi chifukwa ufumu wanga uli pafupi kutha. Uthenga wafika kuti tikiti yobwerera yagulidwa, ndipo ndikudziwa malamulo amene adzatsike nawo m'ndege: rimoti idzabwerera m'manja mwa mwini wake, madzulo adzakhala a mafilimu a ku Nigeria ndi makwaya, ndipo munthu wa chipewa adzaloledwa kulowa m'nyumba muno pokhapokha iwo ali ku Mvano. Anena kale pa foni kuti chinthu choyamba chimene adzayendere si Venice ayi, koma miphika. Ndipo pali umodzi, waukulu uja wa nyemba, umene ndiyenera kuunyika m'madzi kuyambira lero.