Tsaya likatupa pa Fingoè

Pa Fingoè, likulu la boma la Maravia, dzino siliwawa mwini wake yekha. Mutu ukhoza kubisa, m'mimba ukhoza kubisa, koma tsaya likatupa, kuyambira pamsika mpaka pokwerera chapa (minibasi) aliyense amasanduka dokotala.

Kawirikawiri wogwidwa amakhala wa zaka za pakati pa 17 ndi 25, msinkhu umene mano anayi akumapeto kwenikweni amamera kuti onse akwane 32. Mano amenewa amafika malo atatha, ngati mlendo wotulukira nsima itagawidwa kale. Lina limamera chopendekera, lina limangosuzumira theka lili m'nkhama, tizakudya n'kumabisala pamenepo mpaka kutupa.

Chilango choyamba ndi moni. Pakamwa pakukana kutseguka, koma wamkulu akati "Mwadzuka bwanji achimwene?" uyenera kuima, kuyankha kuti wadzuka bwino, ndi kufunsanso za amayi kunyumba, za ana, za mvula. Ukangogwedeza mutu, madzulo mbiri yafika mpaka kutali ku Malowera kuti mwana uja wayamba matama.

Kenako mankhwala. Wokonza njinga zamoto amati, "Kadontho kamodzi ka madzi a batire, kachilombo kafera pompo." Iyeyo m'kamwa mwake mwatsala mano owerengeka, koma ulemu sulola kufunsa kumene ena anapita. Madziwo ndi asidi: amawotcha nkhama ndi tsaya, dzino n'kutsala lili njo. Agogo amamasula kansalu ka fodya woti ufwatike pabowo, ngakhale bowo palibe. Mwini baraka ndiye amalangiza mwachifundo kuposa onse: "Muvumate kachasu, bwana, koma musalavule, n'kuwononga."

Zikakanika, banja limakhala pansi. Amalume amagamula kuti azule onse anayi tsiku limodzi, poti mwana wawo wa ku Joni anatero ndipo pano ali ndi galimoto. Azakhali amaomba m'manja: "Pepani achimwene, lakumwamba likazulidwa maso amachita mdima." Zimenezi si zoona, koma wodwala sangatsutse azakhali ake, ndiponso pakamwa pomwepo sipakutseguka. Mkangano umasamukira ku ulendo. Ena akuti ku Tete kudzera pa Bene, ena akuti kwa anansi athu ku Zambia, ku chipatala cha St Francis ku Katete, ndipo ola lathunthu limathera posinthanitsa metikali ndi kwacha pakamwa, ndalamayo palibe waitulutsa. Pomaliza amalume amapeza nzeru: "Tidikire Ogasiti, tikapitire kumodzi ndi Kulamba kwa Gawa Undi ku Mkaika." Apa n'kuti tili mu Malichi.

Chonsecho nkhani yake madokotala a mano anaifupikitsa kale. Ku Britain, bungwe la zaumoyo la NICE linalangiza mu 2000 kuti dzino lakumapeto limene silikuvuta lisazulidwe pongoopa za mawa, ngakhale litamera mokhota. Lozula ndi lomwe labowoka mosakonzeka, lomwe likutupitsa nkhama mobwerezabwereza, kapena likuwononga linzake loyandikana nalo. Lakumunsi nthawi zina mizu yake imayandikira mtsempha wopita kumlomo, n'chifukwa chake dokotala amayamba wajambula. Kutupa kwa ulendo woyamba nthawi zambiri kumaphwa ukamatsuka bwino ndi kuvumata madzi ofunda amchere. Koma thupi likatentha, kutupa kukatsikira kukhosi, kumeza n'kuvuta, limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo, amalume afune asafune.

Wolimba mtima amapita, amazulitsa, amabwera ndi malamulo m'mutu: asavumate tsiku loyamba, asasute, asakodole bala ndi lilime, kuopa kuti magazi oundana angachoke fupa n'kutsala poyera, ululu wake woposa woyamba uja.

Akangofika, ozonda odwala ayamba kutsira odi. Wina wanyamula nzimbe, wina chimanga chokazinga, wina ndudu yoti aiwalire mavuto, ndipo aliyense akufuna amve nkhani yonse kuchokera pamene chapa inanyamukira. Azakhali amamuimika pabwalo n'kumufunsa zala zingati akuona. Amalume amasuzumira m'kamwa, n'kupukusa mutu.

"Ndalama zonse zija limodzi lokha? Mphwanga, akubera."