Mamembala Okha

Alamu anga anabwerako ku England mwezi wa Sepitembala atavala kapusi, sikafu ili m'khosi ngakhale dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo, ndipo m'manja ananyamula ndodo zitatu zachitsulo. Anapita kukaona mwana wawo wamkazi amene ndi namwino kufupi ndi tauni ya Woking. Ife tinkadikira nkhani za mdzukulu wobadwa kumeneyo. Koma kuchokera pa chipata cha Kalomwe, kudutsa ku Ulongwe, mpaka chapa inawatula pa Lifidzi, m'kamwa mwawo munali dzina limodzi lokha: Sunningdale.

Limeneli ndi bwalo la gofu la anthu olemera, chakumadzulo kwa London. Bwana wa mkamwini wawo ndi membala kumeneko, ndiye tsiku lina pakati pa sabata anawatenga ngati mlendo. Tsiku limodzi lokhalo ndi limene latisowetsa mtendere mpaka lero.

Madzulo aliwonse pa baraka ankatiphunzitsa. Bwalo loyamba analitsegula mu 1901, analikonza ndi Willie Park Jr. Lachiwiri linabwera mu 1923, la Harry Colt. Mayina amenewa ankawatchula ngati abale awo a kuchimuna. Anatifotokozera kuti dothi la kumeneko ndi mchenga wokhawokha, mvula ikagwa madzi amangolowa pansi, n'chifukwa chake alimi analikana kalekale. Pamamera mapaini ndi kachitsamba kotchedwa heather, kamene kamachita maluwa ofiirira mu Ogasiti ndipo kampira kakagweramo umatuluka thukuta. Anthu a ndalama a ku London ataona kuti sitima ikufika kufupi, ndiponso kuti pamchenga sipachita matope, anatenga malowo n'kuika chipata.

Mkulu wina wolima mbatatesi anamvetsera zonsezi mofatsa, kenako anafunsa: "Ndiye inu munawoloka nyanja kukaona tsala?"

Alamu sanakhumudwe. Anapitiriza za Bobby Jones wa ku America, amene mu 1926 anamaliza maenje onse 18 a pabwalolo atangomenya ka 66, chinthu chimene azungu akuchikambabe. Atalongosola kuti pa gofu wopambana ndi amene wamenya kochepa, mnyamata wa kabaza anaimika dzanja n'kunena kuti ndiye kuti iyeyo watiposa tonse, pakuti chibadwire sanamenyepo n'kamodzi komwe. Pamene anthu anawatayiratu ndi pa nkhani ya agalu. Akuti mamembala amayenda ndi agalu awo pabwalo, ndipo pakati pa ulendo pali kanyumba kogulitsa masoseji pamene galu naye amalandira yake. Akatekisi, amene anali atangoima pakhomo kudikira chenji cha sopo, anawakumbutsa kuti bodza ndi tchimo ngakhale ulinene mu Chingerezi. Ine ndinafufuza pambuyo pake, ndipo pa agaluwo alamu sananame. Galu wathu wa kuno, amene amalandira mwala akangoyandikira mphika, ndi bwino asamve.

Sabata yotsatira anatsikira kudambo ndi anyamata oweta ng'ombe. Dzenje lililonse, anatero, liyenera kukhala la mamilimita 108 m'mimba mwake, ndipo anayezera ndi chitini. Anakumba asanu ndi limodzi okha, chifukwa lachisanu ndi chiwiri linagwera m'dimba la kabichi la mayi wina amene sadziwa Harry Colt. Pa dzenje lililonse anazika bango lokhala ndi kansanza kofiira.

Apa ndi pamene anaiwala kuti ali ku Angónia. Akuluakulu a kuno anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, anabwerera mtendere wa 1992 utasainidwa, ndipo akukumbukira bwino tanthauzo la chizindikiro chofiira chozikidwa patchire. Boma linalengeza mu 2015 kuti mabomba okwirira anatha m'dziko muno, koma mwendo wa munthu sukhulupirira wailesi. Sabata yonse amayi ankazungulira njira ya kutali popita kumadzi, mpaka anyakwawa anaitanitsa alamu kuti afotokoze. Nsanza zinasinthidwa, zinakhala zoyera. Ena anayamba kunena kuti ndi a kampani ya malasha akuyeza malo.

Lamulo limene linavuta kwambiri ndi la kukhala chete. Ku Sunningdale munthu akamakonzeka kumenya, aliyense amaima, osayankhula, osatsokomola. Kuno munthu wodutsa mnzake osapereka moni ndiye kuti kwawo kulibe akulu. Tsiku lina alamu atatambasula miyendo, ndodo ili m'mwamba, agogo ena anatulukira ndi mtolo wa nkhuni, anautula, n'kugwada.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Alamu anangoti duu, maso pa kampira.

"Ndati mwaswera bwanji? Nanga amayi kunyumba? Nanga mwana uja wa ku Ulaya, anachira bwino?"

Ndodo inatsika, inakumba dothi, kampira kanangosuntha pang'ono. Agogo anayang'ana dothilo, anayang'ana alamu, n'kunena mwachifundo kuti ngati ndi mbewa akufuna, una wake suli pamenepo, ndipo abwereke khasu. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti bambo aja abwerako ku Ulaya atagontha.

Mpaka pamenepa tonse tinkaseka. Mwamuna wamkulu, wa ndevu zake, kuyenda maola anayi osapita kulikonse, kumenya chinthu chake chomwe kenako n'kumachifunafuna m'udzu! Alamu anapempha aphunzitsi kuti ayeseko, anakana. Anapempha wa chigayo, anati ali ndi ntchito. Ineyo ndinawauza kuti msana ukundivuta.

Ndiyeno m'mawa wina pa mtengo wa kudambo panapezeka thabwa lolembedwa ndi penti kuti malowa ndi a mamembala okha. Analemba m'Chipwitikizi kuti mawuwo alemere. Pansi pake panali malamulo: malaya akhale a kolala ndipo apisiridwe, jinzi ayi, foni izimitsidwe, ndipo wofuna kulowa atchulidwe ndi membala, wina avomereze, kenako adikire. Membala panthawiyo anali mmodzi, alamu anga.

Usiku womwewo aphunzitsi aja anagogoda kukhomo la kuseri, nkhuku ili m'khwapa, kudzafunsa mlongo wanga ngati bambo angawaganizireko. M'mawa kunabwera wa chigayo. Kenako wogula mbatatesi amene ali ndi lole ziwiri, amene anafunsa ngati n'zotheka kuti dzina lake likhale pamwamba pa la wa chigayo. Mwezi usanathe, malaya a kolala anasowa pa milu ya kalamidade ku Ulongwe, ndipo amuna amene chikwatire sanapisirepo ankayenda pamsika mimba zili poyera, lamba ali pamchombo.

Musadabwe. Matendawa sanabwere pa ndege, tinali nawo kale. Pamaliro pali a pamipando ndi a pamphasa, ndipo wa pampando amakhala tsonga kuti a pamphasa amuone. Paukwati pali tebulo la kutsogolo la nsalu yoyera, pamene Fanta amabwera ndi galasi, ndipo munthu amalolera kugona ndi njala kusiyana n'kukadyera ku mzere wa mbale za pulasitiki. Ku tchalitchi cha mishoni, chimene ansembe achiJezuiti anatsegulira aliyense, benchi ya kutsogolo ili ndi eni ake amene palibe anawasankha. Munthu wa pa Lifidzi mukamuitana amati aganize kaye. Mukamutsekera chitseko amagulitsa mbuzi.

Lero kalabu ili ndi mamembala asanu ndi awiri ndi makomiti anayi. Pali wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi mkulu woona za mwambo, amene ntchito yake ndi kuyang'ana kolala. Gofu yeniyeniyo sikuseweredwa. Alamu anabwera ndi timipira titatu: kamodzi kanalowa m'dimba la kabichi lija ndipo mwini wake akuti akabweza akalipidwa mitu iwiri imene inaswedwa, kena anakatola khwangwala poyesa dzira. Kotsalako komiti inagamula kuti n'kamtengo wapatali, sikangamenyedwe mwachisawawa, ndiye kamakhala m'kabati ya msungichuma pamodzi ndi makapu a alendo. Loweruka lililonse mamembala amakumana pansi pa mtengo uja, atapisira, mafoni atazimitsa, n'kumakambirana za amene sayenera kuloledwa. Akamaliza amayenda pang'onopang'ono kuzungulira dambo manja ali kumbuyo, ng'ombe zikuwayang'ana.

Amene anakanidwa sanagone. Ayambitsa kalabu yawo kutsidya kwa mtsinje, ndipo yawoyo ndi yokhwima koposa: alibe ndodo, alibe kampira, alibe dzenje, ndipo chiyambire sanalolepo munthu. Ndamva kuti mamembala awiri a kwa alamu akufunsira kumeneko mobisa.

Ine msana uja unapola. Nditakawaona alamu, anandilandira pakhonde, osati m'nyumba, ndipo anandiuza kuti pa nkhani za kalabu palibe chilamu. Ndinawakumbutsa kuti feteleza wa chaka chatha sanandibwezerebe. Anati zimenezo ndi za kumudzi, ndilembe kalata kwa mlembi, ndipo ndisaiwale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mvula yayamba tsopano, maenje onse asanu ndi limodzi adzaza madzi ndipo muli achule. Komiti yakweza ndalama yolowera ndi mametikali 200 ponena kuti bwalo lili ndi nyanja ngati mabwalo a kunja. Inu amene mukufuna kulowa, bwerani ndi malaya a kolala ndi nkhuku ya msoti, tambala wokalamba akubweza. Mukalembetsa, dzina lanu likhala pansi pa langa.