Chigafa Sichikwera Boti

Pa nkhani ya mthunzi, mlembi wanu si munthu woti n'kumuphunzitsa. Anabadwira m'dera la fodya, m'mbali mwa msewu wochoka pa boma la Kasungu kulowera ku Lifupa, ndipo zaka zake zonse zathera pa ntchito yobisa tsamba kuti dzuwa lisalione. Fodya wa bale safuna utsi ngati wa chikopa. Amafuna chigafa chofolera bwino, kamphepo kazidutsa pansi, tsamba liziuma pang'onopang'ono pa mikangala mpaka lifiire. Mkuluyu akakuimikirani chigafa, mvula ya mu February imangopereka moni n'kudutsa. Mutu wake womwe unamuphunzitsa zambiri, chifukwa tsitsi linasamuka kalekale n'kusiya bwalo loti ntchentche ikatera imaterereka.

Chaka chino mabelo anayenda bwino ku okushoni ya ku Chinkhoma. Anzake anagula malata, wina njinga yamoto, wina anangosowa kwa masabata awiri n'kubwera ndi wailesi yopanda mabatire. Mlembi wanu anati iye akaone nyanja. Ali ndi alamu ake amene amasamala maboti pa malo ena ogona alendo kufupi ndi Nkhotakota, ndipo anakhala akumuitana zaka zambiri. M'mawa wina wa mu August anakulunga ufa ndi mtedza m'chitenje chatsopano cha mayi a kunyumba, Nabanda, natenga ambulera yakuda ya kumaliro. Chipewa chake cha mlaza anachisiya pa msomali. Anati anthu a kunyanja angamudziwe msanga kuti ndi wa kumunda.

Msewu wa M18 umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota n'kumatsika. Kwathu kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500, ndipo minibasi ikatsika chitunda chimodzi dazi linkamva kuti ng'anjo ikuyandikira.

Kabotiko kanali kotalika ngati mamita 4, ka thanga limodzi. Pakati pali mlongoti, kumbuyo kuli chiwongolero, ndipo pansi pa thanga pali mtanda wachitsulo umene umayenda uku ndi uku pamwamba penipeni pa pokhala anthu. Alamu anati dzina lake ndi boom. Mlembi wanu sanafunse tanthauzo, ndipo sipanafunike kutero, chifukwa atangokhota koyamba mtandawo unadzitchula wokha dzina pa dazi lake: bum!

"Alamu, ndikati weramani muziwerama," anatero mwini ntchito, osaseka n'komwe.

Kumunda dzuwa limachokera kumodzi, ndipo munthu amadziwa pothawira. Pamadzi limawomba kuchokera kumwamba, kenako limanyezimira pamadzi n'kubwereranso kudzakuwotcha kunsi kwa chibwano ndi m'mphuno. Palibe mtengo wa muwanga, palibe nkhokwe yoti n'kutsamira. Pasanathe ola, mutu wa mlimi wa fodya unali utayamba kufiira ngati tsamba la giredi yabwino.

Apa m'pamene anatulutsa ambulera, n'kuitambasula monyadira ngati munthu amene anaganiza patsogolo. Anaiwala kuti August ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene asodzi amaipatsa ulemu. Ambulera inasanduka thanga lachiwiri lopanda woliwongolera. Boti linapendekeka, madzi analowa m'nsapato za kutchalitchi, ambulera inatembenuka n'kuonetsa nthiti, kenako inatsanzika. Pomaliza kuiona inali ikulowera cha ku Dwangwa, ndipo mwina pano ikuthandiza wina wodula nzimbe. Alamu anafotokoza pambuyo pake kuti mphepo ikathamanga kawiri, mphamvu imene imakankhira chinthu imachuluka kanayi. Pa boti laling'ono, chilichonse chotchinga dzuwa chimakolanso mphepo, ndipo mphepoyo safunsa ngati nsaluyo mwaiika kuti ikoke boti kapena kuti iteteze dazi.

Mlembi wanu sanagonje. Anakumbukira kuti ndi katswiri. Anayeza pokhala anthu ndi zikhatho, nanena kuti nsichi zinayi za bulugamu, mapaso ochepa ndi mitolo itatu ya udzu zikwanira, ndipo iye akhoza kumaliza lisanalowe dzuwa. Alamu anaseka mpaka chiwongolero chinawapulumuka. Atapuma anawerenga zifukwa ndi zala. Katundu wolemera akakhala pamwamba, boti limagudubuzika ndi funde loyamba. Mtanda uja uyenera kudutsa momasuka nthawi iliyonse pokhota, ndiye nsichi ziima pati? Komanso woyendetsa amayenera kuliona thanga nthawi zonse, chifukwa ndi pa nsaluyo pamene amawerenga zimene mphepo ikuganiza. Mukamufolera denga, ndiye kuti mwamumanga m'maso.

Chigafa cha pamadzi chilipo ndithu, alamu anavomera, ndipo anachiloza pa boti lalikulu la injini limene linali pagombe. Amachitcha bimini, dzina lochokera ku tizilumba ta Bimini ku Bahamas. Ndi nsalu yolimba yokungidwa pa mapaipi opinda a aluminiyamu kapena chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo mphepo ikakula amachipinda n'kuchigoneka kumbuyo. Pa maboti a matanga akuluakulu chimakwana, chifukwa mtanda umadutsa patali ndi mitu. Pa kaboti ka alamu, pakati pa dazi ndi mtanda pamangokwana chikhatho chimodzi. Bimini yoti ikwane pamenepo ingakhale yofupika moti munthu angamayende panyanja atadzipinda ngati ali m'khola la nkhunda.

Njira imodzi yokha inagwira ntchito, ndipo ndi imene yabweretsa mlandu. Atafika pa kagombe kobisika, alamu anaponya nangula n'kutsitsa thanga. Anati eni maboti akaima chonchi amayala nsalu pamwamba pa mtanda, n'kumanga ngodya zake m'mbali mwa boti, ikhale ngati tenti. Mdani uja wasanduka mtanda wa denga. Nsalu zake zenizeni, monga za Sunbrella, amazipanga kuti zisafe ndi dzuwa ndipo zimabwera ndi mabowo a zingwe. Mlembi wanu anali ndi chitenje cha Nabanda. Anakhuthulira mtedza m'chidebe chokapira madzi, anaboola ngodya zinayi ndi msomali, ndipo posakhalitsa amuna awiri anakhala pansi pa maluwa obiriwira ndi achikasu, akukukuta mtedza ngati mabwana.

Mthunzi unalipo, koma ulendo panalibe. Boti linali litaima ngati ngolo yothyoka gudumu. Ndipo itakwana 3 koloko dzuwa linapendekeka, n'kulowa cham'mbali ngati mlendo wodziwa kuti chitseko chakumaso n'chokhoma.

Pobwerera anayesa kubisala mu mthunzi wa thanga lenilenilo, umene ndi waulere. Vuto lake n'lakuti munthu wolemera amayenera kukhala mbali imene mphepo ikuchokera kuti boti lisagwe, pamene mthunzi umagwera kumene dzuwa lafuna. Ziwirizi sizipangana. Nthawi iliyonse mlembi wanu akakhala pozizira, alamu ankakuwa kuti abwerere padzuwa.

Nanga akatswiri amatani? Pa nyanja yomweyi pamachitika mpikisano wa maboti a matanga, kawirikawiri mu July, kuchokera cha ku Mangochi kulowera kumpoto, mtunda wa makilomita oposa 500. Ambiri amayenda pa timaboti ta mimba ziwiri topanda denga ngakhale la chikhatho. Amavala malaya a manja aatali, amadzola mafuta oteteza khungu, ndipo kumutu amavala chipewa chomangirira ndi chingwe kukhosi. Asodzi a usipa anaithetsa nkhaniyi kale kwambiri: amapita usiku ndi nyali. Mlembi wanu atamva za chipewa anangoti zii, maganizo ali pa msomali wa kwawo.

Atabwerera, dazi likusupuka ngati mbatata yowotcha, anaperekeza ana a sukulu a m'mudzi kukaona nyama ku damu la Lifupa, m'paki ya Kasungu. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo mu 2022 inalandira njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Ana ankawerenga njovu, koma mkuluyu ankaphunzira za mthunzi. Njovu imadzithira fumbi ndi matope pamsana. Mvuu imakhala m'madzi tsiku lonse, kunja kukuoneka makutu, maso ndi mphuno zokha, n'kutuluka usiku kukadya msipu. Khungu lake limatulutsanso timadzi tofiirira, ndipo mu 2004 asayansi a ku Japan anapeza kuti timadzito timatchinga mphamvu ya dzuwa yowotcha khungu. Nyama yonenepa yopanda tsitsi, yokhala pamadzi, ndipo sinatayepo ambulera. Mlembi wanu anaiyang'ana nthawi yaitali ngati m'bale wake amene zinamuyendera.

Chomupweteka kwambiri n'chakuti Kasungu ndi kwawo kwa William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene mu 2002 anaimika makina a mphepo ndi mitengo ya bulugamu ndi zitsulo zotola, nayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Mphepo inamutengera mnyamatayo mpaka ku sukulu ya ukachenjede ya Dartmouth ku America. Mphepo yomweyo inakumana ndi munthu winanso wa ku Kasungu n'kumulanda ambulera.

Mlandu wa chitenje unazengedwa pakhonde. Nabanda anachitambasula padzuwa, ndipo kuwala kunadutsa pa mabowo anayi.

"Bambo a Chisomo, kodi kunyanjako njenjete zake zimadya m'ngodya mokhamokha?"

Woimbidwa mlandu anafotokoza za mtanda, za mwera ndi za tizilumba ta ku Bahamas. Khoti linamvetsera mpaka kumapeto, n'kugamula zitenje ziwiri, za pa sitolo ya pa boma, osati za pa msika wa Lachisanu.

Nzeru za ulendowo sizinapite pachabe. Mlembi wanu anapinda mapaipi awiri akale, anasoka matumba a feteleza, naimika bimini pa ngolo yake, ndipo inakwana bwino chifukwa ngolo ilibe mtanda woyendayenda. Loweruka lapitali anthu a m'mbali mwa msewu wa ku Lifupa anaiona ikupita ku chigayo. Pansi pa denga, pamwamba pa matumba a chimanga, panakhala Nabanda atavala chimodzi mwa zitenje zatsopano zija. Mwini luso anali kutsogolo wapansi, akukusa ng'ombe padzuwa, chipewa cha mlaza chili kumutu, chomangirira kukhosi ndi chingwe chosokera mabelo.