Tsamba lachikasu pa Kamuzu Road

Pa Kamuzu Road dzuwa likafika paliwombo aliyense amathamangira mthunzi, ndipo mthunziwo umakumanitsa anthu osadziwana. Lachiwiri lapitali ndinali pakhonde la sitolo ina yogulitsa zipangizo za ulimi, kudikira kuti galimoto ya ku Senga Bay idzaze. Pambali panga panali mayi wina ndi beseni la usipa wouma, mnyamata wa kabaza atatsamira njinga yake, ndi mkulu wina wa imvi akusenda nzimbe ndi kampeni.

Kunatulukira mnyamata wina, thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja. Anapita pakauntala n'kuonetsa wogulitsa chithunzi.

"Bwana, taonani izi. Ndigule chiyani?"

Wogulitsayo anangoponyapo diso kamodzi. "Njala imeneyo, achimwene. Tengani yureya makilo asanu. Sabata isanathe zikhala zitabiriwira."

Wa kabaza uja anasuzumira pafoniyo n'kukuwa. "Iii, masamba a zalazala awa si therere ayi!"

Khonde lonse linatembenuka. Mnyamata wa foni uja anafulumira kunena kuti n'chamba chovomerezeka, cha m'munda wa kalabu ya amalume ake, ndipo iye amangothirira ndi kupalira. Mkulu wa nzimbe uja analavula chikhungwa, n'kulankhula mosathamanga.

"Ngati pepala lilipo, chabwino. Lamulo linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2020, koma linalola chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndiponso kwa amene ali ndi chilolezo cha Cannabis Regulatory Authority. Wodzala kuseri kwa bafa wopanda pepala, mlandu ulipobe. Bwera nayo foniyo kuno, mwanawe."

Ndinamva pambuyo pake kuti mkuluyo anakhala kapitawo pa esiteti ya fodya ku Kasungu zaka zambiri asanabwerere kwawo kunyanja. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kufunsa funso lomwe wogulitsa uja sanafunse.

"Chikasuchi chayambira pansi kapena kunsonga?"

Mnyamatayo anakanda m'mutu. "Kodi zili ndi kanthu, madala?"

"Nkhani yonse yagona pamenepo. Mbewu ili ngati mayi pa nthawi ya njala, amadzimana kuti khanda lidye. Michere ina ikachepa m'nthaka, mbewu imaichotsa m'masamba akale a pansi n'kuitumiza kunsonga. Ndiye ukaona masamba a pansi achita chikasu tsamba lonse, kunsonga kukadali kobiriwira, imeneyo ndi njala ya nayitirojeni, ndipo yureya angathandize. Pachimanga imachita kuonekeratu, chikasu chimayambira kunsonga kwa tsamba n'kumatsata mtsempha wapakati. Koma tsamba lakale likapserera m'mbali ngati lawaulidwa pamoto, pakati pakadali pobiriwira, wasowa ndi potaziyamu. Likachita chikasu pakati pa mitsempha, mitsemphayo ili yobiriwira ngati ukonde, ndi maginiziyamu. Mbewu ikapinimbira, masamba ndi phesi n'kuchita mtundu wa bilinganya, ndi fosiforasi."

"Nanga zikayambira kunsonga?" anafunsa wa kabaza, yemwe tsopano anali ataiwala zodikira makasitomala.

"Imeneyo ndi michere imene mbewu singaisamutse, monga salifa ndi ayironi. Masamba anthete ndiwo amayamba kutuwa. Zinki akasowa pachimanga, timasamba tatsopano timatuluka ndi mizere yoyera. Zimenezo ungathire yureya thumba lonse, sizisintha."

Mnyamatayo anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Masamba ake anali a pansi, opserera m'mbali, nsonga zitapindika. Mkuluyo anagwedeza mutu n'kuloza matumba amene anasanjidwa pakhomo.

"Uziwerenga manambala a pathumba. Yureya ali ndi 46, koma ndi nayitirojeni yekhayekha. Wokulitsa amene tinakulira, wachitowe uja, analembedwa 23:21:0+4S. Ziro ameneyo ndiye potaziyamu, kutanthauza kuti munalibe. Wamasiku ano analembedwa 23:10:5+6S+1Zn, anawonjezamo potaziyamu pang'ono ndi zinki chifukwa nthaka yathu inaguga. Kufodya tinkathira D Compound, popeza mbewu ya masamba imafuna potaziyamu wambiri. Iwe ukanagula yureya lero, ukanawotcha ndalama za amalume ako pamodzi ndi masamba omwe."

Wogulitsa uja sanayankhe. Anayamba kupukuta kauntala.

Ine sindimunena kuti ndi wakuba. Anamulemba ntchito yogulitsa, ndipo palibe anamuphunzitsa kuwerenga tsamba. Koma zimandipweteka kuti mlimi wa kuno, amene amagula feteleza wopimitsa pakilo chifukwa thumba lathunthu salikwanitsa, amalandira yankho limodzi pa matenda khumi. Kaya ndi tomato, kaya ndi mpunga wa ku Lifuwu, kaya ndi thonje la ku Chinguluwe, tsamba likangochita chikasu akuti thira yureya.

Mayi wa usipa uja ndiye anafunsa funso limene linandigwira mtima.

"Bambo, nanga tomato wanga? Feteleza ndinathira kawiri, koma masana amafota ngati sindinathirire, masamba onse chikasu."

"Dimba lili pati, mayi?"

"M'mbali mwa Linthipe."

"Mukazule mtengo umodzi muone mizu. Mukapeza timfundomfundo ngati mikanda, ndi tinyongolotsi ta m'nthaka, tosaoneka ndi maso, ndipo timakonda mchenga wotentha ngati wathu uno. Pamenepo chakudya chilipo, koma pakamwa pa mbewu ndi pamene patsekeka. Chaka chamawa musadzalepo tomato, mabilinganya kapena therere, mudzalepo chimanga. Mizu ikakhala yakuda, yonunkha, ndiye kuti madzi achuluka, mizu yalephera kupuma. Mutembenuzenso tsamba muone kunsi kwake. Mukaona timadontho ndi kaukonde, ndi akangaude ofiira aja amabwera kukatentha, si njala ayi."

Anakhala kaye chete kutafuna nzimbe, kenaka anabwereranso kwa mnyamata uja. Anamuuza kuti nthaka ya kunyanja ndi sefa. Mchenga sugwira madzi, sugwiranso michere. Ukathira feteleza wambiri kamodzi, mvula imodzi yamphamvu kapena kuthirira kosefukira kumamutsitsira pansi pomwe mizu sifika. Ndi bwino kuthira pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu, nthaka ili yachinyezi, patali pang'ono ndi phesi. Koma chachikulu ndi manyowa, a khola owolerana bwino kapena a kompositi, chifukwa ndiwo amapatsa mchenga mphamvu yosunga chimene wauthira. Phulusa la pamoto lili ndi potaziyamu, koma kuwaza pang'ono, osati kukhuthula. Anatikumbutsanso kuyang'ana pansi pa mitengo ya msangu, imene yadzaza kuno ku Salima. Msangu umayoyola masamba mvula ikayamba, ndipo chimanga cha pansi pake chimabiriwira kuposa cha pambalambanda.

"Ndipo usadikire kuti tsamba lopserera lichire," anatero. "Lapita limenelo. Uziyang'ana masamba atsopano. Akatuluka abwino, wadziwa kuti walasa."

Nkhani ya chamba chovomerezekayi inabwera ndi phokoso lalikulu. Tinamva za kafukufuku wa mbewu ku Chitedze, tinamva za madola, ndipo mu 2021 unduna wa zaulimi unachita kulembera Mike Tyson kuti akhale kazembe wa mbewuyi. Anthu anasonkha ndalama, analowa m'makalabu. Koma mnyamata amene amagwira khasu m'mundamo anafika pa Kamuzu Road osadziwa kusiyanitsa tsamba la pansi ndi la kunsonga. Amene anamupulumutsa ndi nkhalamba yodya nzimbe, yomwe anakumana nayo mwamwayi. Chidziwitso chimenechi chinayenera kumufikira m'munda, kudzera kwa mlangizi, mbewu isanalowe m'nthaka.

Kondakitala anayamba kumenya chitseko, kuitana a ku Senga Bay. Mnyamata uja anaika foni m'thumba, anawerama pang'ono n'kuwomba m'manja. "Zikomo madala, ndikawauza amalume." Anachoka osagula kanthu. Mayi wa usipa anatapa nsomba zodzaza manja awiri n'kumukulungira mkuluyo papepala.

Inu alimi anzanga a m'mbali mwa nyanja, mbewu ikachita chikasu musayambire kusitolo. Yambani mwaona kuti ndi masamba ati, mutembenuze tsamba, muzule mtengo umodzi muone mizu, ndipo mtengowo mupite nawo kwa mlangizi wa m'dera lanu. Mlangizi akasowa, malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitala ali m'boma lathu lomwe lino.