Kuthamanga Sikufika, Koma Nkhuku Yapsa

Kuthamanga sikufika, ankatero akuluakulu, ndipo ankanena mawuwa atakhala pansi: pamkeka, pamthunzi wa mango, nkhuni zili mulu kuseri kwa khitchini, dzuwa likadali paliwombo. Munthu wotere akakuuza kuti usathamange umangovomera, poti iye palibe chimene chikumuthamangitsa. Koma masiku ano mwambiwu uli pamlandu m'makhitchini a m'tauni, ndipo yausumira ndi ndiwo ina yotchedwa stir-fry, imene ana athu aitola pamafoni.

Kale nkhuku inali ntchito ya tsiku lonse. Kuthamanga kunalipo ndithu, koma koyambirira kokha, pamene ana onse a pamudzi, ndi galu yemwe, ankazungulira nkhokwe kupirikitsa tambala amene wanunkhiza kale kuti kwabwera mlendo. Akagwidwa, liwiro lathera pompo. Madzi awire, aisosole, aiwaule, aitumbule, aiduledule motsata mfundo zake, kenako mphika pamafuwa. Nkhuku yachikuda imatenga miyezi 5 kapena 6 kuti ikule, ndipo miyezi yonseyo imakhala ikupalasa ndi kuthawa mphamba, choncho nyama yake siigonja mwachibwana. Mlendo ankalonjeredwa, kufotokoza maliro onse a kwawo, kuwodzera, kudzuka, nkhuku ikadabwatabe.

Nanga lero angazithe ndani? Bambo ndi mayi onse ali kuntchito, aweruke 5 koloko, alimbirane minibasi kapena kabaza, akafike ku Area 25 kapena ku Chirimba kutada kale. Lamulo la za nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo thumba la makala silidangokhala phee kumaonerera. Ophikira magetsi adaphunzira mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, kuti mphika ukhoza kutsala pakati pa ulendo. A gasi nawo amamva lawi lililonse likutulukira m'thumba. Ngakhale nyemba, ndiwo za aliyense zija, zasanduka za mabwana, osati pogula ayi, koma pophika.

Kwathu nkhaniyi idabwera ndi mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, amene tikukhala naye pamene akuphunzira kukoleji. "Amalume, nkhuku iyi ipsa m'mphindi 10," adatero. Ndidamukumbutsa zimene akuluakulu amanena za othamanga. Iye adangondikokera mpando pakhomo la khitchini. "Khalani apo muone."

Nkhuku yake ndi yachizungu, ija imakula m'milungu 6 isanaonepo mphamba ngakhale pachithunzi. Amatenga nyama ya pachifuwa kapena ntchafu, n'kuchotsa mafupa, n'kuidula timizere topyapyala. Amathiramo soya sosi, madzi akuda amchere amene ubale wawo ndi ma soya pieces ndi wa agogo okha, kenako adyo, jinja wosinja ndi kasupuni ka cornflour kuti nyama isaume pamoto. Amaisiya ipume, iye n'kutembenukira masamba: karoti, zitheba, anyezi, green pepper, kabichi, chilichonse m'kambale kake, ndi kambuzi mmodzi wokumbutsa kuti tili ku Malawi.

Zikatero mpamene nkhondo imayamba. Fulayipani yaikulu pamoto wonse, mpaka iyambe kufuka. Mafuta masupuni awiri. Nkhuku, tchwee! Koma theka lokha. "Mukaunjika yonse, amalume, chitsulo chimazizira, nyama imatulutsa madzi, ndiye kuti mwayamba kuwiritsa." Amaileka kamphindi kuti ifiire, kenako mthiko uli pantchito, tembenuze, tembenuze, mphindi 3 kapena 4, aichotse, theka lina lilowe. Masamba amalowa potengera kuuma mutu: karoti patsogolo, zitheba pambuyo pake, anyezi ndi green pepper, kabichi komalizira. Nkhuku ibwerere, sosi pang'ono, mphindi imodzi, moto uzime. Chivundikiro sichiloledwa m'bwalo limeneli.

Apa ndi pamene mwambi wathu umagwa chagada, pakuti pafulayipani wodekha ndiye safika. Foni ikalira, ilire. Wobwereka mchere akagogoda, agogode. Mukangoti tiyankhe "takulandirani" n'kufunsa za kunyumba monga mwa ulemu wathu, pobwerera mupeza adyo wapserera, kabichi wafota, nkhuku yauma gwa. Ndiwo zathu zambiri zimakhululuka. Nyemba mukhoza kuzisiya n'kupita kuchigayo. Koma ndiwo za mphwangazi sizidziwa moni, sizidziwa odi, sizidziwa apongozi.

Tisaganize kuti luso limeneli labadwira pa TikTok. Kwawo ndi ku China, kumene amaphikira m'chitsulo chakuya chotchedwa wok. Olemba mbiri ya zakudya amati kaphikidweka kadafala kwambiri chakumapeto kwa ufumu wa Ming, umene udatha mu 1644, nkhuni ndi makala zitayamba kudula m'mizinda. Anthu adaona kuti nyama yodulidwa timatima imapsa nkhuni isanathe. Ndiye kuti anzathuwo adakumana ndi vuto lathu lomweli zaka mazana zapitazo, ndipo m'malo modandaula paminibasi adanola mipeni. Komanso tikaonetsetsa, wok ife tili naye kalekale. Pitani pamsika uliwonse madzulo, muime pachiwaya. Nyama yodulidwa timatima, moto waukali, wophika osachoka pamalo, wogula kudya ali chiimire. Kusiyana kwake n'kwakuti pachiwaya mafuta amafika m'mawondo, ndipo kabichi amakhala pambali kuonerera.

Komabe mwambi wa akuluakulu ukautulutsira kukhomo la kumaso, umalowera la kuseri. Mphindi 10 za mphwanga zimayamba kuwerengedwa mafuta akalowa m'fulayipani. Zimene makanema a pafoni saonetsa ndi nthawi yonse imene mwana wa eniake amakhala ataweramira thabwa, kusenda karoti, kusadzula zitheba, kulira ndi anyezi, kuyesetsa kuti timizere tonse tifanane, poti kokulirapo katsala kosapsa anzake atapserera. Saonetsanso kuti mpunga wa Kilombero udakhala pamoto chilichonse chisanadulidwe, chifukwa mpunga sumva za liwiro. Amene ayatsa moto karoti asanasendedwe, amathamanga ndithu, kuchoka pafulayipani kupita pathabwa, kuchoka pathabwa kupita pazenera kukatulutsa utsi, koma kumene amafika ndi kugolosale kukagula buledi. Kudekha sikudafe ayi. Kudangosamuka, kuchoka pamafuwa kupita pampeni.

Palinso kuthamanga kwina kumene tiyenera kukutchula poyera. Nkhuku si ng'ombe yoti mkati mukhale mofiira anthu n'kumati ndi chizungu. Iyenera kupsa mpaka mkati, kutentha kwake kufike madigiri 75, ndipo kwa ife opanda choyezera, dulani kachidutswa kokulirapo muone ngati kayera konse. Thabwa ndi mpeni zimene zakhudza nkhuku yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakumane ndi masamba. Mukanyozera izi, banja lonse lidzathamanga usiku, ndipo pa mpikisano umenewo kuthamanga ndi kufika kumene.

Mayeso enieni a ndiwozi adabwera ndi azakhali ochokera ku Ntcheu. Mphwanga adaika mbale patebulo, zofiira, zobiriwira, zonyezimira, fungo mpaka kwa aneba. Azakhali adayang'ana, n'kutenga supuni, n'kuyamba kufukula modekha kuyambira m'mphepete kulowa pakati.

"Mukufuna chiyani, agogo?"

"Nthutumba."

Mphwanga adafotokoza kuti nkhukuyi idagulidwa m'kapepala, chifuwa chokhachokha. Azakhali adagwedeza mutu pang'onopang'ono. Nkhuku yopanda nthutumba, yopanda khosi, yopanda zipalapasiro, tidziwa bwanji kuti inali nkhuku? Atafunsa za msuzi wosunsira nsima n'kuuzidwa kuti lero ndi mpunga, adafunsa ngati ili Khirisimasi. Koma kudya adadya, adawonjezeranso kachiwiri, ndipo posamba m'manja adapereka chigamulo: "Zokoma ndithu, mwana iwe. Koma mumaphika ngati mukuthawa ngongole."

Tidaseka tonse, koma funso la nthutumba si lachibwana. Nkhuku ya kale inali ndi maudindo. Nthutumba ya bambo kapena mlendo, ntchafu za akuluakulu, ana alimbirane khosi, mutu ndi zipalapasiro, ndipo mayi amene wakhala muutsi kuyambira m'mawa atsale ndi msana, mwina msuzi wokha. Ine ndimakayika ngati mayi ameneyo, kapena mtsikana amene anasenza nkhunizo kuchokera kuphiri, ndi amene adapeka mwambi woti kuthamanga sikufika. Umamveka mwambi wa odikira kudya. M'fulayipani ya mphwanga mulibe chidutswa chokhala ndi udindo. Kamwana kotsiriza kamadya nyama yomweyo imene akudya bambo ake, chifuwa chimodzi ndi masamba ambiri chimakwanira banja lonse, ndipo wophika amakhala pansi kudya ndi anzake chakudya chikadali chotentha. Ndaonanso kuti amuna, amene mphika wa nyemba amaudutsa osaupatsa moni, ndiwo izi amazikonda kuphika, chifukwa muli moto, phokoso ndi mpata wodzionetsera. Ngati liwiro lalowetsa abambo kukhitchini, ine ndilibe nalo mlandu.

Koma nawonso azakhali sakulakwa. Nthutumba inali umboni wakuti m'khola mwachepa nkhuku imodzi chifukwa cha inu, ndiponso kuti wina wasiya ntchito zake tsiku lonse kuti inu mudye. Mlendo sankadya nyama yokha, ankadya nthawi ya eni khomo. Zimenezo sizidulidwa timizere, ndipo sizipezeka m'kapepala ka m'shopu. Maganizo anga ndi akuti pakati pa sabata tithamange popanda manyazi, poti makala sitichita kutola, koma munthu amene wakwera basi kudzationa ayenera kumva mphika ukubwata, ngakhale kamodzi.

Azakhali mfundo yawo sadaitsirize ndi pakamwa. Atabwerera kwawo, adatumiza mnyamata ndi katoni yoboolaboola. Mkatimo munali tambala wachikuda, wamkulu, wa zikhadabo zokhota, amene maonekedwe ake akusonyeza kuti wapulumuka maukwati ambiri. Uthenga wa azakhali unali waufupi: "Uyu mumuphike m'mphindi 10 zanuzo, mundiuze." Mphwanga adamuyang'ana tambalayo, tambala adamuyang'ana mphwanga, ndipo mwana uja adayamba kufunsa mtengo wa thumba la makala. Pakadali pano mlendoyu tamumangirira kumtengo wa papaya, akudzutsa laini yonse 4 koloko m'mawa, ndipo aneba ayamba kutifunsa mwaulemu kuti kodi alendo abwera liti.